Nyumba ya anthu ochokera m'misewu ikubwera m'dera lathu: tiikane kapena tikafunse chiyani kumsonkhano?

MayiWaAtatu

Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene akuidziwa bwino nkhani iyi. Khonsolo ya mzinda wathu yalengeza kuti nyumba ina yakale yogona alendo, yomwe yakhala yotseka kwa nthawi yaitali, ikonzedwa kuti muzikhala anthu amene akhala akugona m'misewu. Akuti mudzakhala zipinda 60, munthu aliyense chipinda chake, ndipo padzakhala bungwe loyang'anira nyumbayo pamodzi ndi alangizi othandiza anthuwo pa nkhani za umoyo ndi kufunafuna ntchito. Nyumbayi ili m'mbali mwa njira imene ana athu amadutsa popita kusukulu. Anansi anga ayamba kale kusainitsa kalata yokana, ndipo akufuna kuti nanenso ndisaine tisanapite kumsonkhano umene khonsolo yaitanitsa. Ine mtima uli pawiri. Sindikufuna kutsekereza anzanga mwayi wa pogona, koma ndinganame nditanena kuti ndilibe mantha, makamaka pa nkhani ya kuba ndi mankhwala osokoneza bongo. Kodi nyumba zotere zimachulukitsadi umbanda m'dera? Nanga kumsonkhanoko tikafunse chiyani?

Chiphaliwali

Sainani, mayi. Amene akukonza zimenezi sakhala m'dera lanulo, ndipo zinthu zikadzavuta simudzawaonanso.

Mphunzitsi_Wopuma

A MayiWaAtatu, funso lanu loyambalo anthu analifufuza kale, ndipo yankho lake silikomera mbali imodzi yokha monga mmene okana ndi ovomereza amafunira. Ku Denver, m'dziko la America, gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi George Galster linasanthula malipoti a apolisi m'madera ozungulira nyumba zotere zimene zinatsegulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2002. Ataziwerengera nyumba zonse pamodzi, sanapeze kuti milandu ya chiwawa kapena ya kuba inachuluka chifukwa cha kutsegulidwa kwake. Koma atapatula nyumba zikuluzikulu zokha, zokhala anthu 53 kapena kuposerapo, anapeza kuti malipoti a milandu anakwera pa mtunda wa mamita pafupifupi 150 kuzungulira nyumbazo.

Chimene anthu okana amachidumpha akamatchula kafukufukuyu ndi chakuti ofufuzawo sananene kuti okhala m'nyumbazo ndiwo ankapalamula. Maganizo awo anali akuti mwina kusonkhanitsa malo amodzi anthu ambiri osatha kudziteteza kumakopa achifwamba, amene amabwera kudzawabera ndi kuwachita chipongwe. Chimene ovomereza nawonso amachidumpha ndi chakuti kwa mwana wodutsa pamenepo, ndewu ndi ndewu basi, kaya wayambitsa ndi wam'nyumba kapena wochokera kunja. Yanuyo ndi ya zipinda 60, choncho nkhawa yanu ili ndi poyambira. Koma langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kusaina. Yambani ndi kufunsa kuti anthu 60 amenewo adzakhala ndi antchito angati owayang'anira, ndiponso kuti antchitowo adzapezeka nthawi zanji.

Mwininyumba

Ine nkhawa yanga ndi ina. Munthu amagula nyumba ndi ngongole imene amabweza kwa zaka zambiri, ndipo nyumbayo ndiyo chuma chokha chimene adzasiyire ana ake. Mtengo wake ukatsika chifukwa cha anansi atsopanowa, adzamulipira ndani?

Mphunzitsi_Wopuma

A Mwininyumba, pa nkhani imeneyo pali kafukufuku wa Furman Center ya pa yunivesite ya New York, wotuluka mu 2008. Anatsatira mitengo imene nyumba zinkagulitsidwira pafupi ndi nyumba zothandizira anthu osowa pokhala zokwana 123, zimene zinatsegulidwa mumzindawo pakati pa 1985 ndi 2003. Nyumba zoyandikana nazo kwambiri sizinatsike mtengo, ndipo m'zaka zotsatira mitengo yake inakwera poyerekeza ndi nyumba zina za m'dera lomwelo. Zimene zinali patali pang'ono zinayamba zatsika pa nthawi yomanga ndi yotsegulira, kenako zinayambanso kukwera. Ine ndimazimva motere: amene ali pafupi amaona ndi maso awo kuti chinyumba chimene chinali bwinja chakonzedwa ndipo chili ndi mwini wochisamala, pamene amene ali patali amangomva mphekesera. Kumbukiraninso kuti nyumba imene a MayiWaAtatu akunena ndi yotseka pakali pano. Nyumba yopanda munthu, yamdima usiku, nayonso ili ndi alendo ake, kungoti palibe amene amawalemba m'kaundula.

Chiphaliwali

Manambala anuwo ndi abwino, aphunzitsi, koma ine ndinakhalapo moyang'anizana ndi nyumba yotere ndipo zimene ndinaona sizili m'mabuku anu. Chaka choyamba zonse zinkayenda bwino, pakhomo panali wolandira alendo usana ndi usiku. Kenako bungwe loyang'anira linachepetsa antchito, usiku kunkatsala nambala ya foni yokha imene inkangoitana popanda woyankha. Ogulitsa mankhwala osokoneza bongo anazindikira msanga. Ankaimika galimoto pakona tsiku limene okhala m'nyumbamo alandira ndalama zawo za mwezi, ndipo ena analanda zipinda za anthu ofooka n'kumagulitsiramo malonda awo, mwini chipinda akugona pamakwerero. Ambulasi ndi galimoto za apolisi zinkabwera pafupipafupi moti ana anasiya kudzidzimuka nazo. Tikapita kukadandaula, bungwe linkatitumiza kukhonsolo, khonsolo inkatitumiza kupolisi, apolisi n'kutibwezera kubungwe. Munthu amene anadutsa m'zimenezi musamuuze kuti mantha ake ndi tsankho.

Namwino_Wausiku

A Chiphaliwali, sindikutsutsa ngakhale chimodzi mwa zimene mwafotokoza, chifukwa ndagwirapo ntchito m'nyumba zotere ndipo zoterozo zimachitikadi. Koma taonani bwino nkhani yanu yomweyo. Anthu amene ankakhala m'nyumbamo chaka choyamba ndi omwewo amene ankakhalamo chaka chachiwiri. Chimene chinasintha ndi chakuti pakhomo panasowa munthu. Ndiponso amene anazunzika koyambirira ndi mwini chipinda uja amene ankagona pamakwerero, inu anansi munadzavutika pambuyo pake.

Kulandidwa kwa zipinda kumene mwatchulako ndi vuto lodziwika bwino kwa onse ogwira ntchito imeneyi. Munthu amene wakhala mumsewu zaka zambiri amakhala ndi anzake amene anamugawirapo bulangete ndi chakudya pa nthawi yovuta, ndipo akapeza chipinda zimamuvuta kuwakaniza kulowa. Ena mwa anzakewo ndi abwino, ena ndi amene amamuopseza. Iye sangapite kukanena kupolisi chifukwa akuopa kubwezeredwa, komanso akuopa kuti bungwe likamva limuthamangitsa. Chimene chimamupulumutsa ndi lamulo la alendo limene si iye analipanga: khomo lolowera likhale limodzi, mlendo aliyense alembetse dzina, mwini chipinda atsike kudzamutenga, ndipo pakhale malire a masiku amene mlendo angagone. Pamenepo amatha kuuza mnzake kuti, “Si ine ndikukukaniza, ndi apakhomowo.” Ambiri mwa amene ndinawasamalira ankalikonda lamuloli kuposa mmene anansi ankalikondera.

Chiphaliwali

Ndiye mwavomereza kuti zonse zimadalira lonjezo la bungwe, ndipo lonjezo silivuta kuthyola.

Namwino_Wausiku

Ndavomereza, bambo. N'chifukwa chake lonjezolo liyenera kulembedwa, lisangonenedwa pakamwa kumsonkhano.

Ndinaliko

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti ndiyankhuleko chifukwa anthu amene mukuwakambawo mmodzi wa iwo ndine. Ndinagona panja kwa nthawi yaitali nditadwala ndi kuchotsedwa ntchito, ndipo tsopano ndimakhala m'nyumba ngati imene ikunenedwayi. Ndimalipira lendi kuchokera pa ndalama zochepa zimene ndimapeza, ndinasaina pangano la lendi ngati wina aliyense, ndipo ndikaswa malamulo ndikhoza kutulutsidwa.

A MayiWaAtatu, ndikufuna mudziwe chinthu chimodzi. Anthu amenewa sakuchokera kudziko lina. Ambiri ali kale mumzinda wanu womwewo, ena mwina amagona kuseri kwa nyumba yotsekayo. Mukasaina kalata yokana sadzachoka, adzangopitiriza kugona pomwe akugona. Zambiri zimene zimakunyansani mukationa mumsewu, monga kukodza paliponse, kugona pakhonde la sitolo, kumwa poyera ndi kusunga katundu m'mbali mwa njira, ndi zinthu zimene munthu aliyense amachita m'nyumba mwake atatseka chitseko. Ife tinkazichitira poyera chifukwa tinalibe chitseko chotseka. Komanso tulo ta mumsewu si tulo. Munthu amagona khutu lili kunja, nsapato atazitsamira kuti zisabedwe, ndipo akakhala choncho miyezi yambiri mutu umasokonekera ngakhale anali wabwinobwino. Masabata oyamba nditalowa m'chipinda changa ntchito yanga inali kugona basi.

Sindikunena kuti tonse ndife angelo. M'nyumba yathu muli ena ovuta, ndipo amene timavutika nawo kwambiri ndife oyandikana nawo zipinda. Mukapita kumsonkhano kukapempha mlonda wa usiku ndi magetsi owala pakhomo, dziwani kuti mukutipempherera ifenso.

Gogo_wa_Pakona

Zikomo mwanawe chifukwa cholimba mtima kuyankhula. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe, ndipo pa msinkhu wangawu ndaona anthu amene anali ndi nyumba zabwino akusanduka osowa pogona chifukwa cha matenda kapena kutha kwa banja.

Mwininyumba

Agogo, chifundo tonse tili nacho, koma chifundo sichiyankha funso langa lina ili. Ndamva kuti m'nyumba zoterezi munthu amapatsidwa chipinda asanasiye mowa kapena mankhwala osokoneza bongo. Ngati zili choncho, kodi kumeneko si kulimbikitsa khalidwe loipa ndi ndalama za misonkho yathu? Bwanji asayambe wasiya, kenako n'kulandira nyumba ngati mphotho?

Kadzidzi

A Mwininyumba, njira imene mukuifunayo ndi imene inkatsatidwa kale, ndipo kulephera kwake ndi kumene kunabala njira yatsopanoyi. Kale munthu ankayenera kukwera masitepe: ayambe wagona kumalo ogona anthu ambiri, alandire chithandizo, asonyeze kuti wasiya kumwa, apite kunyumba yongoyembekezera, kenako apatsidwe yakeyake. Amene anali odwala kwambiri ankagwa pa sitepe yoyamba kapena yachiwiri n'kubwerera mumsewu, ndipo ankazungulira choncho zaka ndi zaka pakati pa msewu, chipatala ndi ndende. Mu 1992 katswiri wa za maganizo Sam Tsemberis anayambitsa bungwe la Pathways to Housing ku New York, limene linatembenuza ndondomekoyo: munthu alowe m'nyumba kaye, chithandizo chimupeze ali momwemo. Njirayi imadziwika ndi dzina lakuti Housing First. Sikuti ilibe malamulo. Munthu amalipira lendi, kawirikawiri 30 peresenti ya ndalama zimene amapeza, amalola mlangizi kudzamuyendera, ndipo amatsatira pangano la lendi.

Dziko la Canada linaiyesa njirayi mozama kuyambira 2009 mpaka 2013 pa kafukufuku wotchedwa At Home/Chez Soi, m'mizinda ya Vancouver, Winnipeg, Toronto, Montreal ndi Moncton, pa anthu oposa 2,000 odwala matenda a maganizo. Anawagawa m'magulu awiri mochita maere, ena kulandira nyumba nthawi yomweyo, ena kupitiriza ndi chithandizo cha masiku onse. M'miyezi isanu ndi umodzi yomaliza, 62 peresenti ya gulu loyamba anali m'nyumba nthawi yonse, pamene a gulu lachiwiri anali 31 peresenti. Koma ndinene chilungamo, pa nkhani ya kusiya mowa ndi mankhwala magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Nyumba imachotsa munthu mumsewu, koma siichiritsa uchidakwa payokha. Aliyense amene adzakuuzeni kumsonkhano kuti okhala m'nyumbayo sadzagwiritsa ntchito mankhwala ndiye kuti akukunamizani, ndipo wokunamizani pa chimenechi musamukhulupirire pa zina.

Mwininyumba

Ndiye mwanena nokha kuti adzapitiriza kumwa. Phindu lake kwa ife anansi ndi chiyani?

Kadzidzi

Phindu lake limaoneka m'mabuku a apolisi. Ku Denver komweko, mu 2016, mzindawo unayamba kupereka nyumba zotere kwa anthu osowa pokhala amene ankamangidwa mobwerezabwereza. Bungwe la Urban Institute linawayerekeza ndi anzawo ofanana nawo amene sanalandire nyumba, ndipo lipoti la mu 2021 linasonyeza kuti kukumana kwawo ndi apolisi kunatsika ndi 34 peresenti ndipo kumangidwa kunatsika ndi 40 peresenti. Ku Seattle, mzinda wina wa ku America, kuli nyumba yotchedwa 1811 Eastlake, yotsegulidwa mu 2005, imene inalandira zidakwa 75 za mumsewu zimene zinkadyera mzindawo ndalama zambiri kuchipatala ndi kundende. Anthu anaitsutsa kwambiri chifukwa okhalamo ankaloledwa kumwa m'zipinda mwawo. Kafukufuku wotuluka mu 2009 anapeza kuti ndalama zimene boma linkawononga pa anthuwa zinatsika kwambiri, ndiponso kuti kamwedwe kawo kankachepa akamakhalitsa m'nyumbamo. Chidakwa chimene chikumwera m'chipinda mwake ndi chimene chikumwera pamalo okwerera basi onse ndi zidakwa, koma mwana wa a MayiWaAtatu amakumana ndi chachiwiricho.

Chiphaliwali

Pali chinyengo china m'manambala amenewo chimene sindikufuna chidutse. Kumangidwa kukatsika mumzinda wonse, phindu limagawidwa kwa anthu onse a mumzindamo, koma mavuto amene atsala amaunjikana pamsewu umodzi. Ndipo msewu umenewo sukhala wa anthu olemera. Madera a anthu a ndalama ali ndi maloya, amadziwa khomo logogoda, ndipo nyumba zotere sizifikako. Zimathera m'madera amene ali kale ndi zipatala za anthu osuta mankhwala, malo ogawira chakudya ndi malo ogona anthu osowa. Kenako anthu a m'madera osaukawo akadandaula, amene sanalandireko ngakhale nyumba imodzi ndi amene amayamba kuwaphunzitsa za chifundo.

Mphunzitsi_Wopuma

Apa pokha ndili nanu, a Chiphaliwali, ndipo ili ndi funso loyenera kulifunsa mokweza kumsonkhano: khonsolo ionetse mapu a mzinda wonse osonyeza pamene nyumba zoterezi zili, ndipo ifotokoze chifukwa chimene yasankhira malo amenewa. Dziwaninso kuti si nyumba zonse zothandizira anthu zimene zimakhala chinyumba chimodzi chachikulu. Njira imene Pathways to Housing inayamba nayo inali yobwereka zipinda kwa eni nyumba wamba m'madera osiyanasiyana, kuti munthu akhale pakati pa anansi ena onse, alangizi n'kumamuyendera komweko. Njira imeneyo anansi saidziwa n'komwe kuti ilipo. Koma nayo ili ndi zovuta zake: eni nyumba ambiri amakana, zipinda zotsika mtengo n'zosowa, ndipo anthu ena odwala kwambiri amafunika wowayang'anira pafupi usiku wonse, zimene zimatheka m'nyumba imodzi yokha.

Nyenyezi22

Popeza mwatchula maiko ena, ndiwonjezereko za Finland, chifukwa kumeneko nkhani ya anansi anaitenga ngati mbali ya ntchito yeniyeni. Dzikolo linayamba ndondomeko ya dziko lonse yotsatira Housing First mu 2008, mothandizana ndi mabungwe monga Y-Foundation imene inakhazikitsidwa mu 1985. Malo akale ogona anthu ambiri anawasandutsa nyumba za lendi. Ku Helsinki, malo a Salvation Army a pa msewu wa Alppikatu amene ankagona anthu pafupifupi 250 anakonzedwa kukhala zipinda zodziimira pafupifupi 80. Taonani kuti chiwerengero cha anthu pamalopo chinachepa, sichinachuluke. Nakonso anansi ankakana nyumba zoterezi poyamba. Chimene mabungwe anachita ndi kuika antchito amene udindo wawo ndi kuyenda m'dera, kumva madandaulo ndi kuwayankha, ndipo okhala m'nyumbazo amatuluka nawo limodzi kukatola zinyalala ndi kusamalira malo ozungulira. Mnansi akamuona munthu yemweyo m'mawa uliwonse akusesa njira, amayamba kumupatsa moni ndi kudziwa dzina lake. Anthu osowa pokhala m'dzikolo anali oposa 18,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 anali osakwana 4,000.

Chiphaliwali

Finland ili ndi nyumba zambiri za boma ndi ndalama zolipirira antchito amenewo. Musatiyerekeze ndi dziko limene linakonzeka kulipira.

Nyenyezi22

Kumeneko ndiye kunena kwanga, bambo. Zinatheka chifukwa analipira antchito, ndipo paliponse pamene akufuna kutengera dzina la ndondomekoyi koma osatengera ndalama zake, zotsatira zake zimakhala zimene munaona inuzo.

Mlonda88

Ntchito yanga ndi ya ulonda, choncho ndilankhule za nyumba yeniyeniyo, chifukwa zambiri zimalakwika pa pulani anthu asanalowemo n'komwe. Nyumba yakale yogona alendo kawirikawiri imakhala ndi makomo ambiri, ndipo zina chipinda chilichonse chimatulukira panja pachokha, kumalo oimika galimoto. Yotereyo ndi yovuta kuilondera ngakhale mutaika alonda atatu. Pemphani kuona pulani, ndipo muonetsetse kuti alendo onse adzalowera khomo limodzi, ndiponso kuti ofesi ya antchito ili ndi zenera loyang'ana pakhomopo ndi kumsewu. Makomo othawira moto akhale otseguka kuchokera mkati mokha, ndipo azilira akatsegulidwa, chifukwa ndi amene anthu amatsekereza ndi mwala kuti anzawo alowe mozemba.

China chimene anthu sachiganizira ndi malo osutira fodya ndi ochezera. Ngati mkati mwa mpanda mulibe bwalo, anthu 60 adzaima pakhomo la kumsewu, ndipo ngakhale asalakwe chilichonse, mayi wodutsa ndi mwana adzawolokera tsidya lina. Madandaulo ambiri amene ndamvapo amayambira pamenepo, osati pa umbava. Makamera ndi othandiza pofufuza mlandu utachitika, koma saletsa kanthu ngati palibe amene akuwayang'ana. Magetsi owala ndi mitengo yoduliridwa bwino zimagwira ntchito yaikulu kuposa mpanda wautali, pakuti mpanda wautali umabisanso wakuba amene walowa kale.

Ndipo musasokoneze mlonda ndi mlangizi. Ine ndikhoza kuletsa mlendo kulowa, koma munthu akayamba kufuula pakati pa usiku chifukwa mutu wamusokonekera, wofunika ndi amene amamudziwa dzina ndi mankhwala ake. Yunifolomu yanga nthawi zina imangowonjezera moto.

Namwino_Wausiku

A Mlonda88 anena zoona. Ndiwonjezere kuti kuchuluka kwa ambulasi pakhomo sikutanthauza nthawi zonse kuti pali umbanda. Anthu amene akhala mumsewu nthawi yaitali amalowa m'nyumba ali ndi matenda ambiri amene sanalandirepo chithandizo, monga a shuga, a mtima, a chifuwa ndi zilonda zosapola, ndipo matupi awo amakalamba msanga kuposa zaka zawo. Miyezi yoyamba imakhala yovuta kwambiri, makamaka ngati zipinda zonse zadzazidwa sabata imodzi. Bungwe lanzeru limalowetsa anthu pang'onopang'ono kuti antchito amudziwe aliyense, ndipo limasakaniza ofunika chithandizo chachikulu ndi ofunika chochepa. Funsaninso ngati antchito onse anaphunzitsidwa kupereka naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wapyola muyeso wa mankhwala osokoneza bongo monga heroin kapena fentanyl, komanso kuti ndani adzatola majakisoni otayidwa panja ndipo kangati.

MayiWaAtatu

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. A Ndinaliko, mawu anu ndawawerengera mwamuna wanga ndipo takambirana kwa nthawi yaitali. Funso limene latsala kwa ine ndi la ana. Kodi tili ndi ufulu wodziwa ngati pakati pa anthu amenewa pali amene anapalamulapo milandu yogwirira kapena yozunza ana?

Kadzidzi

Mayi, mbiri ya munthu mmodzimmodzi simudzapatsidwa, monganso mmene simupatsidwira mbiri ya aliyense amene wachita lendi nyumba yoyandikana nanu. Malamulo a maiko ambiri amateteza chinsinsi cha matenda a munthu ndipo amaletsa kumukaniza nyumba chifukwa cha ulumali. Ku America, mwachitsanzo, lamulo la Fair Housing Act linakonzedwa mu 1988 kuti liteteze anthu olumala, kuphatikizapo odwala matenda a maganizo. Chimene muli ndi ufulu wofunsa ndi ndondomeko yosankhira anthu: ndani amawasankha, amafufuza chiyani, ndi milandu iti imene imalepheretsa munthu kulowa, makamaka poti sukulu ili pafupi. Yankho lake likhale lolembedwa.

Kumsonkhanoko pemphani pangano la pakati pa anansi, bungwe loyang'anira, khonsolo ndi apolisi, ndipo lisainidwe nyumba isanatsegulidwe, pakuti ikatsegulidwa mphamvu yanu yokambirana imachepa. M'panganomo mulembedwe chiwerengero cha antchito usana, usiku ndi kumapeto kwa sabata. Nambala ya foni imene imayankhidwa ndi munthu nthawi iliyonse, ndi nthawi imene dandaulo liyenera kukhala litayankhidwa. Komiti yokumana pafupipafupi imene mukhale anansi, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo ndi ena mwa okhala m'nyumbamo. Komanso chimene chidzachitike kwa munthu amene akuopseza anzake mobwerezabwereza. Pemphaninso kuti apolisi apereke chiwerengero cha milandu ya m'deralo cha pakali pano, nyumba isanatsegulidwe. Popanda chimenecho, njinga iliyonse imene idzabedwe chaka chamawa mlandu wake udzagwera anthu a m'nyumbamo, ndipo bungwe nalonso lidzatha kukana chilichonse ponena kuti zinali choncho kale.

Ndinaliko

Za komitiyo ndikugwirizana nazo, koma okhalamo asakhale mmodzi yekha wongoikidwa kuti aoneke. Munthu mmodzi pakati pa anansi khumi okwiya sangatsegule pakamwa.

Chiphaliwali

Pangano loterolo ifenso tinali nalo, ndipo linali lolembedwa bwino kwambiri. Ndalama zitachepa linangokhala pepala, chifukwa munalibe chilango chilichonse kwa oliswa.

Kadzidzi

Zimenezo n'zoona pa mapangano ambiri otere, a Chiphaliwali, chifukwa kawirikawiri sakhala ndi mphamvu kukhoti. N'chifukwa chake mfundo zikuluzikulu, makamaka ya antchito a usiku, ziyenera kulowa m'chilolezo chimene khonsolo ikupereka kapena mu kontrakiti ya pakati pa khonsolo ndi bungwelo, kuti kuziswa kukhale ndi zotsatira. A MayiWaAtatu, funsaninso za gwero la ndalama. Kawirikawiri ndalama zokonzera nyumba zimachokera kwina ndipo zimaperekedwa kamodzi, pamene zolipirira alangizi ndi alonda zimachokera kwinanso ndipo zimavomerezedwa kwa zaka zochepa. Afunseni kuti ndalama za antchito zatsimikizika kwa zaka zingati, ndani adzalipire zikadzatha, ndiponso ngati khonsolo ili ndi mphamvu yochotsa bungwe limene likulephera n'kuikapo lina popanda kutulutsa anthu okhalamo. Funsaninso maina a nyumba zina zimene bungwe lomwelo likuyang'anira, mupiteko madzulo osati masana, ndipo mukacheze ndi anansi a kumeneko musanaganize zosaina kapena kusasaina.

MayiWaAtatu

Ndauza anansi anga kuti kalatayo ndiyamba ndadikira, ndipo awiri mwa iwo avomera kuti tipite limodzi kukaona nyumba ina ya bungwelo Lachisanu madzulo. A Chiphaliwali, ngati pangano lanu lija mudakali nalo, chonde nditumizireni kumbali kuti tione pamene linafooka.

Chiphaliwali

Ndilifunafuna usiku uno, mayi. Mukaliwerenga muyambe ndi ndime ya antchito, muona kuti analemba kuti adzakhalapo “malinga ndi kupezeka kwa ndalama”. Mawu amenewo musawalole kulowa mu lanu.